Ndisungireniko ya Mainess

Chawama, Lusaka

Mwana wanga Karen,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Mukudzuka bwanji kumeneko ku Mangalande ndi chisanu chanucho? Apongozi anga ba Shawn ali bwanji? Nanga mdzukulu wanga Miracle, chifuwa chija chinamusiya? Kuno tilipo. Ine mawondo okha ndiwo akuvuta, koma ndikuyenda.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ukaimba, atate ako amakhala pambali panga, ndiye ndimangoti tonse tili bwino. Zimene ndikufuna kukuuza sizinganenedwe iwo akumva. Ba Ngosa a kutchalitchi kwathu akubwera kumeneko kudzaona mwana wawo, ndiye ndawapatsira.

Mphika wamagetsi wophika pang'onopang'ono unatumiza uja unafika bwino, pamodzi ndi kabotolo ka timasamba touma tonunkhira. Ukudziwa kuti chitulukireni m'chipatala ndi sitiroko ija, atate ako kudya kunawavuta. A dokotala analetsa mchere, mafuta ndi nyama ya nkhumba, iwo n'kuti chakudya chotere ndi cha akaidi. Lepu wopanda mchere ankangomuyang'ana. Mathalauza awo onse ndinachita kuwabweza m'chiuno.

Ndiye iwe unati ndiyese soseji ndi tsabola, chakudya chawo chija anazolowera kwa Ataliyana pamene ankawayendetsera galimoto pa ntchito yomanga msewu. Unaganiza bwino. Tili achinyamata, tikukhala m'kachipinda kamodzi ku Matero, ankabwera nacho m'kachitini poweruka.

Ndinachita zonse monga unandiuzira. Kubutchala ndinagula soseji ya nkhuku m'malo mwa ya nkhumba. Ndinaikazinga pang'ono pachiwaya chouma, mafuta amene anatuluka n'kutaya. Pansi pa mphika ndinayala anyezi, kenaka tsabola wamkuluwamkulu wosawawa uja, wobiriwira ndi wofiira, tomato wambiri, adyo ndi timasamba tako tija. Mchere sindinathire ngakhale pang'ono.

Koma mwana wanga, unaiwala kuti kuno ndi ku Chawama. Mphikawo umafuna kuyaka pafupifupi tsiku lathunthu, pamene malaiti masiku ano amangosuzumira n'kubwerera. Ulendo woyamba anathima chakudya chisanawire n'komwe. Ndinamalizira pambaula, tsabola n'kupserera. Atate ako ananunkhiza, n'kukankhira mbale kumbali.

Loweruka lina malaiti anabwera m'mamawa. Ndinasiya zochapa m'beseni, n'kuthamangira kumsika. Tsiku lonse ndinkangopemphera, maso ali pa kanyali kofiira ka pamphika, osavundukula monga unandiletsera. Sanathime. Pofika chakumadzulo fungo linali litadzaza bwalo lonse, mpaka mayi wa nyumba yakumbuyo anasuzumira pampanda n'kufunsa kuti, "Ba Mainess, kansi lelo muli na ukwati?"

Atate ako anadzuka okha pampando, ndodo m'manja, kulondola fungolo mpaka pakhomo la khitchini. Ndinawapakulira ndi mpunga pang'ono. Karen, anadya! Anadya ndi dzanja lawo lamanzere lotsalalo, msuzi ukuyenderera pachibwano, mpaka mbale mbee. Za mchere sanafunse. Ine mtima unakhala pansi koyamba chiyambire matendawa, ndipo ndinatenga foni kuti ndiwajambule ndikutumizire.

Atatha anandiyang'ana, n'kuwerama mwaulemu monga achitira mlendo kunyumba kwa eni. Anati, "Zikomo kwambiri amayi, mudziwa kuphika. Koma nipemphako, ndisungireniko pang'ono. Mkazi wanga Mainess ali na pakati. Vakudya vonse vikumukana, koma ivi amadya."

Ndinayesa ndi nthabwala zawo zija. Ndinaseka, n'kunena kuti ba Whyson, Mainess wakeyo ndine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu wanga wa imviwu mpaka kumapazi. Anamwetulira ngati akundimvera chisoni, n'kuti ayi amayi, wanga ndi kamtsikana, kali ku Matero.

Pakati ankanenapo ndi pa iweyo, mwana wanga.

Sindinatsutsenso. Ndinatenga kontena, n'kuikamo soseji ndi tsabola, n'kumanga m'chitenje. Anaikumbatira pachifuwa, n'kuvala chipewa chawo, n'kukakhala pabenchi la pageti kudikira basi ya ku Matero. Ndinakhala pambali pawo kuopa kuti angasochere.

Tili pomwepo anayamba kundiuza za mkazi wawo. Anati amaimba kwaya, ndipo akaimba iwo amaiwala kutsegula buku la nyimbo. Anati sachedwa kukwiya koma sasunga chakukhosi. Anati analola kukwatiwa ndi dalaivala wogona pansi, pamene aphunzitsi ankamufuna, ndipo iwo sadziwa kuti adzamuthokoza bwanji. Karen, atate ako umawadziwa, si munthu wa mawu otere. Zaka zonsezi sanandiuzepo. Ndadzazimva ndili mayi wachilendo pabenchi.

Dzuwa litalowa anayamba kunjenjemera ndi mphepo. Ndinati mabasi atha, gonani konkuno, mupita mawa. Anavomera, n'kupepesa kuti akundivutitsa. Ndinawagwira mkono kuwalowetsa m'nyumba imene anamanga okha, iwo akuyamikira kuti eni ake anaimanga bwino.

M'mawa mwake anadzuka akundidziwa. Anandiitana kuti amake Karen, n'kufunsa tiyi wawo. Ndinakalirira kubafa kuti asandione.

Chiyambire tsikulo zikumabwera n'kupita. Kukiliniki anandiuza kuti kwa ena zimatero pambuyo pa sitiroko, ndipo masiku ondidziwa adzanka nachepa. Anati ndisamawakakamize kukumbukira, ndizingowatsata kumene maganizo awo ali. Ndikutero. Tsiku lina ndine mkazi wawo, tsiku lina ndine mayi wophika, ndipo ndimaphunzira kuti lero ndine yani akangotsegula pakamwa.

Chakudya chako ndikuphikabe malaiti akalola. Akudya, thupi likubwerera, bipi yatsika. Kutchalitchi anthu akuti ba Whyson achira, Mulungu ndi wabwino. Ine ndimangoti ameni.

Ndiye pempho langa ndi ili. Usatumizenso katundu. Ndikudziwa kuti tchuthi n'chovuta kuchipatala ukugwirako, ndipo unati mudzabwera nonse chaka chamawa. Chaka chamawa ndi kutali, mwana wanga. Dzulo ndinawaonetsa chithunzi chako cha pakhoma, sanachedwe n'komwe, anati uyu ndi Karen wanga wamakani. Bwera akali kunena choncho. Bwera ngakhale wekha, ngakhale masiku ochepa. Ine ndalawa kale kuwawa kwake. Sindifuna kuti iwe udzatsike ndege, udzagwade pamaso pa atate ako, iwo n'kudzakufunsa kuti ndinu mwana wa yani.

Undiperekere moni kwa ba Shawn, uwauze kuti ndapempha ndine, akumasule. Miracle umupsompsone, umuuze kuti ine ambuye ake ndikumupempherera. Ukaimba Lamulungu usalire pafoni. Ulankhule nawo monga mwa masiku onse, ndipo utchule dzina lako poyamba.

Ambuye akusunge, akutsegulire njira yobwerera kwanu.

Ndine mayi ako,
Mainess