Ndinasochera M'misewu Imene Ndinakumba

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kodi bondo lija lasiya kuvuta? Ine kuno thupi lili bwino, kupatula maso amene amachita nkhungu dzuwa likawala kwambiri. Mtima ndiwo suli m'malo. Ndazengereza kulemba chifukwa nkhani yake ndi yochititsa manyazi, ndipo pafoni sindingathe kuinena, makoma a nyumba ino ndi opyapyala. Mupirire ndi kalembedwe kanga, mukudziwa pamene sukulu ndinailekera.

Mukukumbukira zimene ndinkakuuzani za malo ano ndili mnyamata. Nditafika kunali minda, khola la nkhumba la munthu wina, ndi kasiteshoni kamene sitima inkaimapo pokhapokha wina akakweza mkono. Ife tinabwera kudzakumba ngalande zoyalamo mapaipi a madzi. Tinkagona m'zisakasa za malata pansi pa thanki yaikulu, ndipo malo tinkawatchula tokha: pathanki, panjerwa, pankhumba.

Nyumba zinkabwera pambuyo pathu, mzere ndi mzere. Anthu amene lendi inawakulira mumzinda anathawira kuno, kenako kunabwera masitolo, sukulu, chipatala, ndipo sitima zinayamba kuima popanda wozikweza mkono. Lero m'mawa uliwonse anthu amathamangira kusiteshoni, ena akumanga tayi akuyenda, ena akutafuna. Kuno amangobwera kudzagona ndi kudzachapa. Madzi amene amasamba amadutsa m'ngalande zimene zinandithyola msana, koma tikakumana amandilambalala ngati mtengo wa magetsi. Zimenezi zakhala zikundidya mumtima zaka zambiri, sindikubisirani.

Chimwalirire mlamu wanu, mukudziwa kuti mwana wanga wachisamba ananditenga kuti ndizikhala kwake, kunyumba zatsopano za kuseri kwa njanji. Chipinda changa ndi chimene ankasungamo njinga ndi makatoni, ndipo zenera lake limayang'ana khoma la aneba. Iye ndi mpongozi onse amakwera sitima ya m'mawa. Ntchito yanga inali imodzi, kukatenga mdzukulu wanga kusukulu akaweruka masana, uja timamutcha Kabatani chifukwa cha kamphuno kake. Ndi ntchito yaing'ono, koma chifukwa cha iyo ndinkadya pathebulo pawo osadziona ngati mlendo.

Mayina a misewu ine sindinkawawerenga. Zikwangwani zake zili m'mwamba, zilembo zake n'zazing'ono, ndipo mumtima ndinkati amenewo ndi mayina a anthu obwera. Ndinkayenda ndi thanki ija. Ikakhala kumanja kwanga ndiye kuti ndikupita kusukulu, ikakhala kumanzere ndiye kuti ndikubwerera.

Patchuthi chonse ndinagona ndi chifuwa, osatuluka panja. Tsiku lotsegulira sukulu ndinavala jekete n'kunyamuka, foni n'kuisiya pabedi monga mwa masiku onse. Ndinapeza msewu wanga autseka ndi malata, ati akumanga mlatho. Ndinakhotera mumsewu wina, n'kukweza maso kuti ndione thanki. Kunalibe. Anaigwetsa ndili chigonere, kuti pakhale poimika magalimoto a anthu okwera sitima.

Mlongo, nyumba za kuno n'zofanana ngati mazira. Mageti ofanana, maluwa ofanana, ngakhale agalu amauwa mofanana. Masana misewu imakhala zii, eni ake onse ali mumzinda. Komanso poyamba sindinafune kufunsa. Ndifunse bwanji njira m'misewu imene ndinakumba ndekha? Ndinayamba kuyenda chowerama, kuyang'ana zivundikiro za ngalande, kuti mwina ndizindikire mzere wa paipi yathu yaikulu. Zonse zinali zachilendo.

Miyendo itatopa ndinaona mayi wina akuthirira maluwa, ndinamufunsa njira ya panjerwa, kumene kuli sukuluyo. Anandiyang'ana nsapato, nandiuza kuti ganyu palibe, n'kutseka geti. Patsogolo mlonda wina anandiimitsa, nafunsa chimene ndinkasuzumira pamakomo a anthu. Ndinamuuza kuti mapaipi a pansipa ndinayala ndine. Anaseka mpaka chipewa chinagwa. Anati agogo aliyense wosochera kuno amanena kuti ndiye anamanga tawuniyi, ndipo tsiku lina anatolapo wina amene ankati njanji anabwera nayo pamutu. Koma sanali munthu woipa. Anandikhazika pabenchi lake n'kundipatsa madzi. Atafunsa dzina la sukulu, ndinati ndi ija ya mpanda wobiriwira. Atafunsa dzina la msewu umene ndimakhala, ndinangoyang'ana pansi. Munthu wa imvi ngati ine, osadziwa kumene amagona.

Nthawi yonseyi Kabatani anali pageti la sukulu, anzake onse atapita. Mphunzitsi wake anaimbira mpongozi, amene anasiya ntchito pakati n'kukwera sitima. Ine anandipeza dzuwa litapendeka, mwana wanga akuzungulira ndi takisi msewu ndi msewu. Mpongozi sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Anangonditenthetsera madzi osamba, nati bambo apume. Kabatani ndiye anabwera kudzandifunsa ngati nanenso ndinalira, nandilonjeza kuti azindigwira dzanja kuti ndisasowenso.

Kuyambira tsiku limenelo mwana amakamutenga ndi mtsikana wantchito wa aneba. Ine mpongozi anandilembera dzina la msewu wathu pakapepala n'kukasokerera m'kati mwa jekete, ngati thumba lotumiza pabasi. Masana ndimakhala ndekha ndi wailesi. Ndikamva ana akuweruka ndimatseka katani.

Dzana mwana wanga anandipeza pakhonde. Akupukuta nsapato zake, osandiyang'ana kumaso, anati mwina mphepo ya kumudzi ingandikomere, poti kumeneko njira n'zochepa ndipo aliyense amandidziwa. Ndinamufunsa kuti aliyense wakeyo ndani, popeza anzanga onse amene ndinakula nawo anagona kale. Anati ndisatenge nkhani molakwika, iye akungoopa kuti tsiku lina adzanditola panjanji. Ndinamuuza kuti njanjiyo ndinaidziwa iye asanabadwe. Anangoti kumapeto kwa mwezi akuimbirani kuti afunse ngati kwanuko kuli chipinda.

Pempho langa ndi limeneli. Akaimba, mumuuze kuti malo kulibe. Nenani kuti denga likudontha, kapena kuti adzukulu adzaza nyumba, mudziwa nokha ponamira pake. Ndikudziwa kuti mukanandilandira ndi manja awiri, n'chifukwa chake zikundivuta chonchi. Sindikunyoza kwathu. Koma mkazi wanga ali m'manda a kuno, mphamvu zanga zonse zili pansi pa misewu ya kuno, ndipo sindikufuna kuti kwathuko adzandione ndikutsika basi ndi chikwama chimodzi, anthu n'kumanong'onezana kuti tawuni yamulavula.

Sindikungokhala ayi. Madzulo Kabatani amanditulutsa, ati tikagule mkaka, ndipo timaima pansi pa chikwangwani chilichonse. Iye amatchula dzina la msewu, ine ndimabwereza. Ndikalakwitsa amati agogo mutu wanu ndi wouma ngati buledi wa dzana. Dzulo ndinakafika kusiteshoni ndekha n'kubwerako osafunsa munthu. Kusukulu sindinayesebe. Chimene ndikusowa ndi nthawi, ndipo inu nokha ndi amene mungandipezere.

Mundiperekere moni kwa alamu, koma ndime ya pempholi musawawerengere, mukudziwa pakamwa pawo. Moni kwa azakhali ngati akumvabe, kwa mwana wanu wamkazi ndi mwamuna wake, kwa adzukulu onse, ndi kwa msuweni wathu wa njinga uja. Mwana wangayo akaimba musamukalipire, ndi mantha chabe amene ali nawo. Mundikane mwaulemu, mlongo, koma mundikane ndithu.

Ndine mlongo wanu,
wamkulu wa m'nyumba mwa amayi.