Thanki Nayonso Imapuma

Amake Rosária,

Mwalawirira kumunda ndisanakuthokozeni. Ndapeza chimene chimazimitsa lole yathu. Pampu yamagetsi ija ndinawonjezera kuti izithandiza kukoka dizilo ilibe mlandu, ngakhale achimwene anu a Nando anaiweruza kale kuti ndi yabodza. Ndinaimasula, ndinasintha fyuluta yosefera dizilo, ndinayamwa mapaipi mpaka ndikageya ntchentche zimathawa. Komabe ndikangoyenda pang'ono, dizilo ankafika mofooka, injini n'kutsokomola, zii.

Lero ndati ndisuzumire m'thanki. Chitsononkho chija timatsekera pakamwa pake, poti chivindikiro chinapita ndi nkhondo, ndachipeza chitakulungidwa m'pulasitiki n'kumangidwa ndi mphira, mfundo zake zokongola ngati za pamtsuko wanu wa mbewu. Nditamasula, thanki yapuma kuti fuuu! Mpweya sunkalowa, mayi, ndiye pampu ikanakoka bwanji? Fumbi mwaliletsadi, zikomo kwambiri. Munaletsanso ndi ulendo womwe.

Ndanyamuka kukatenga amayi anu kumalire a Zambia, kumene akhalira malata awo ndi mbuzi zawo, akuuza aliyense wobwerera kwawo za mkamwini waulesi. Mvula ikanditsekera msewu, musandidikire. Pepani, ndatenga nkhuku yotsala ija ndi ambulera yanu. Inu mukatenge mitengo ya denga la nyumba ya amayiwo kwa a Belarmino, ogulitsa mitengo aja.

Mphira ndaisiya pawindo. Musaitaye, mumamanga bwino. A Nando akabweranso ndi nzeru zina za pampu, mukudziwa poimanga.

Ndine wanu wonunkha dizilo,
Olímpio