Kamba wa Ababa pa Michiru

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chilomoni tilipo, ndipo BP ya ababa yatsikako.

Paja adokotala anati aziyendayenda. Ndiye Lachisanu Loyera anakakamira kukwera nawo Michiru pa Njira ya Mtanda. Ine ndinawakonzera kamba. Ndinasinja mtedza wokazinga, n'kusakaniza ndi nthochi zakupsa, uchi ndi ufa wa soya. Ndinatsendera m'thireyi ndi botolo, kuwotcha pambaula, n'kudula tizidutswa.

Tili m'njira ndinawapatsa kachidutswa kamodzi, iwo amvekere, "Iwe, lero n'kusala kudya!" Ndinali nditaiwaliratu. Koma titafika pamene Ambuye anagwa kachitatu, nawonso anakhala pansi, miyendo ikunjenjemera. Ndinachita mantha, achimwene. Ndinati, "Ababa, Yesu yemwe anathandizidwa ndi Simoni kusenza mtanda." Anayang'ana uku ndi uku, n'kudya tiwiri atabisa m'chipewa. Pamwamba anafika akuyimba kuposa akwaya!

Tsopano Loweruka lililonse akamamanga zingwe za nsapato amandifunsa, "Simoni wamuphika?"

Chonde muwatumizire nsapato zoyendera, saizi naini, zija zabooka. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esinati