Alamu Ataya Mbozi Zanga Zamawanga

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Mwendo wa amayi uja ukutupabe? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima ukuwira, ndipo amene asonkhezera motowo ndi amuna anu.

Mukukumbukira mmene munandichondererera kuti ndiwapezere ntchito kuno kumalo athu a kafukufuku? Ndinaima pamaso pa abwana n'kunena kuti alamu anga ndi munthu womvera. Pakamwa pangapa!

Ndikufotokozereni kaye ntchito yanga, poti kumeneko mumangoseka kuti ndinathera zaka ku koleji kuphunzira kuweta mbozi. Mbozi zimenezi, zopota ulusi wa silika, zili ndi mdani, nkhungu ina imene imaboola khungu n'kumera m'kati. Mbozi ikagonja imauma gwaa, n'kuyera mbee ngati choko. Koma m'magazi mwake muli mapuloteni ena, alonda osawodzera, amene amaizindikira nkhunguyo ikangolowa. Amadzutsa anzawo, n'kuizinga, n'kuikwirira ndi utoto wakuda. Ndiye mukaona mbozi ili ndi mawanga akuda koma ikudyabe masamba, dziwani kuti imeneyo yamenya nkhondo n'kupulumuka. Ine ndakhala ndikusankha zoterozo, mbadwo ndi mbadwo, kuti tidziwe chimene alonda ake amaposera anzawo.

Zonsezi ndinawauza alamu tsiku loyamba, titaima pakati pa mashelefu. Iwo maso ali pa foni, n'kundiyankha kuti mwana amene ankamugulira masiwiti pamene ankakufunsirani sangawaphunzitse kusiyanitsa chamoyo ndi chowola.

Lamlungu lapitali ndinali kopuma. Ntchito yawo inali kudula masamba a mabulosi, kuika m'mathireyi, kutseka chitseko. Basi. Koma mzimu wothandiza unawagwira. Anatola mbozi iliyonse yamawanga n'kuiponya m'ndowa ya mankhwala imene timatayamo zakufa. Anasiya zosalala zokhazokha, zimene sizinakumanepo ndi matenda chibadwire. Lolemba anandichingamira pakhomo mano onse ali pamtunda, ati andichotsera zonyansa zonse, ndiwathokoze. Achemwali, nditasuzumira m'ndowamo ndinangokhala pansi pasimenti.

Zikanathera pomwepo ndikanalira n'kuyambiranso. Koma abwana atawafunsa, anati palibe anawauzapo za mawanga, ine ndimabisa nzeru chifukwa cha nsanje. Nsanje ya chiyani? Ya kudula masamba? Madzulo ake anabwera kunyumba kwanga, anadya, anawonjezera, anatsuka m'kamwa, kenako n'kundinyengerera kuti ndingovomera mlanduwo, poti munthu wa masatifiketi sachedwa kupeza ntchito ina, pamene iwo ali ndi ana. Ngati kuti anawo si anga omwe!

Abwana anena kuti kumapeto kwa mwezi uno tikhala pansi, ndipo mmodzi wa ife achoka: wophunzitsa ngati sanaphunzitse, wophunzitsidwa ngati sanamvere. Mayi amene amasunga makiyi analipo tsiku loyamba lija, anamva zonse, za masiwiti zomwe. Akuyabwidwa pakamwa, koma ndawapempha kuti ayambe adikira.

Pempho langa ndi limodzi. Aimbireni amuna anu, muwauze asiye okha ntchitoyi tsikulo lisanafike. Akatero achoka dzina lawo lili bwino, ndipo kwina akhoza kulembedwa. Chonde musatume amayi kuti andiimbire za chikhululukiro. Kukhululuka ndikhululuka, ndi bambo wa ana athu, koma bodza lawo sindisenza. Akaumirira, ine ndi mayi wa makiyi tikanena zonse, ndipo mudzawalandirabe padepoti, kungoti atachita kuthamangitsidwa. Sankhani nokha mmene mukufuna kuti afikire.

Moni kwa amayi, kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo. Ana muwauze kuti mayi awo aang'ono sanawakwiyire iwo.

Ndine mng'ono wanu wotsiriza,
Namwera wa Mbozi