Mawu Ochedwa a ku Joni

Loweruka, 6 Meyi 2006

Zavuta. Amalume a Thomson, nkhoswe yanga, alankhula ndi amuna anga a Dominic pa foni ya Peggy, mnzanga wogulitsa mayunitsi. Sipika yotsegula, tonse pakhonde. Funso limodzi basi: zaka zitatu ku Joni, mubwera liti? Amalume kufunsa, uko zii. Amalume kuyambanso, mawu a Dominic n'kugwera pakati. Katatu konse.

Amalume nyamu, fumbi sasu pathalauza. "Mkamwini wanji? Ndikafunsa ali duu, ndikalankhula andidula!" Ati Loweruka likudzali ndi lomaliza. Akapanda kutchula tsiku lobwera, ukwati watha.

Koma munthu ndagona naye nyumba imodzi zaka zisanu, mwano alibe. Chilipo.

Lolemba, 8 Meyi

Makina osokera sindinawakhudze. Ndabwereka foni ya a Rozaria, alangizi a zaumoyo aja a ku Ntcheu, n'kuimbira ya Peggy. Ina khutu ili, ina khutu ilo. Ndati, "Ennie." Pakamwa ndatseka kale, dzina langa ndiye kutulukira kwinaku. Mayo ine! Apa ndi pamphuno pomwe, nanga ku Joni?

Mawuwo amachedwa kuti? A Rozaria ati amayamba akwera kunsanja, ndipo oimba akachuluka amaima pamzere ngati kuchigayo. Meseji ngakhale ichedwe imafika yathunthu. Zolankhulana ndiye sizipirira. Mayunitsi apsa, ndalama ya sopo imeneyo. Sindidandaula.

Lachitatu, 10 Meyi

Tsiku lonse kuyenda ndi foni m'mwamba. Pakhonde timizere ta netiweki tiwiri. Kuseri, mbali ya Michesi, palibiretu. Kodi phiri limameza mawu? Pachulu cha m'munda wa nandolo, tinayi! Masana a msika mawu oduka-duka, m'mamawa oyera mbee.

Azimayi opita ku nkhuni akuti Ennie mutu wazungulira, akulalikira chiswe. Anene, pakamwa m'pawo.

Lachisanu, 12 Meyi

Ndawatsekereza amalume akuchokera kudimba. Poyamba makani. "Zamafonizo n'za ana." Ndawagwiritsa foni ziwiri zonse. Ati, "Moni." Moni uja kubwera mochedwa khutu linalo, iwo n'kudziyankha okha, "Zikomo!" Kuseka mpaka chifuwa. Ayesanso kanayi, kumapenda foni pansi ndi pamwamba ngati muli munthu. Kenaka ati, "Ndiye kuti mwana uja ndinamulakwira."

Tapangana chonchi: wolankhula akamaliza anene kuti "ndatha", winayo ndiye ayambe. Ndawalembera a Dominic meseji, nthawi ndi dongosolo lonse. Yankho, "Chabwino." Liwu limodzi, koma ndaliwerenga kakhumi. Malaya awo abuluu aja ndachapa, anayamba fungo la m'sutikesi. Mtima uli m'malo, koyamba chaka chino.

Loweruka, 13 Meyi

Pachulu, mame asanaume. Amalume ndi jekete ya kutchalitchi, nkhoswe ya kuchimuna pambali pawo. Foni kulira nthawi yake yomwe. Mawu oyera, ngati munthu waima m'nandolomo.

Amalume ayamba ndi kupepesa, akuluakulu athunthu kupepesa mkamwini. Afunsa mwaulemu za tsiku. "Ndatha." Tonse kudikira, osatsokomola.

"Amalume, ndakumvani bwino lomwe. Kuno ndili ndi banja, mwana ali ndi miyezi isanu. Ennie asandidikire. Ndatha."

Palibe liwu linaduka. Ngakhale limodzi. Sabata yathunthu kuyesa mafoni, kukwera chulu, kusekedwa ndi mudzi, kuti zimenezi ndizimve bwinobwino. Zikundiwawa, Mulungu wanga, zikundiwawa.

Amalume andipatsira foni osandiyang'ana, ati tsopano ndi nthawi yanga. Uko munthu ali chete, akudikira monga ndinamulembera. Ine foni pakhutu, pakamwa yasaa, ndipo...