Dzina la Khoi Pamwala wa Bambo

Ninh Binh

Achemwali anga a Thoa,

Muli bwanji kumeneko? Nanga chifuwa chija chinakusiyani? Ine ndili bwino, kungoti makutu akulira ndipo zala zimachita dzanzi ndi hamala ya mpweya. Tsiku lonse ili gugugu pamwala, fumbi mpaka m'mano.

Chiliza cha bambo ndamaliza, chifika tisanafukule mafupa awo kukawaika m'manda atsopano. Maluwa a m'mbali ndasema ndi nsonga ya hamala yosongoka, malemba ndi yopyapyala. Ngakhale a Bang, abwana anga osayamika aja, anayang'ana kawiri.

Koma imvani izi. Lachiwiri kunatulukira mayi Luyen, mkazi wachiwiri wa bambo, atanyamula nthochi, ali zyoli ngati nkhuku yonyowa. Akuti mwana wanga, mwana wanga. Ndinawafunsa kuti anandibereka liti. Ankapempha kuti dzina la Khoi, mwana wawo uja, likhale pamwalapo pansi pa mayina athu, poti likapanda kuoneka abale sadzamuwerengera, ndipo sadzamulola kuyatsa lubani paguwa la makolo.

Ndinawapatsa mpando. Ndinasema dzinalo bwinobwino iwo akuonerera, mpaka anagwetsa misozi n'kumalisisita ndi chala. Kenako ndinawafunsa ngati akukumbukira kumene anataya chithunzi cha amayi athu atachichotsa paguwa paja, ife tisanavule n'komwe nsalu zoyera za maliro. Anati zinali zachibwana, tiiwale. Ndinawakumbutsa kuti kunali kukhola la nkhumba, ndipo anakachitola ndine.

Ndiye ndinazula nsonga ija n'kulowetsa ya mano ambiri, yomwe timakhakhalitsira mwala. Sinachedwe kufufuta dzina la Khoi lonse. Mayi Luyen anandigwira mkono, pakamwa pali yasa, koma hamala ikamalira munthu samveka. A Bang anandifunsa ngati ndapenga. Ndinati ndikukonza pomwe ndinalakwitsa.

Pamalopo patsala chipsera choyera. A Bang akuti tipasalaze, ine ndakana.

Pempho langa ndi limodzi. Musalole abambo aakulu kapena wina aliyense kuitana mmisiri wina kuti alembepo. Mtima wanu ndimaudziwa, umasungunuka msanga. Chisoni chikakugwirani, kaimeni kaye kukhola kuja.

Moni kwa alamu, azakhali ndi ana. Kwa mayi Luyen musandiperekere. Muwauze chabe kuti nthochi zawo anaziiwala kuno, ndipo zinali zokoma.

Ndine mng'ono wanu,
Diu