Chala cha a Mlonda

Lolemba, 3 Juni

Kalata yochokera ku ofesi. Woyendera masukulu a akuluakulu abwera pa 13. Kalasi yosakwana anthu 20 itsekedwa, mphunzitsi wake kunyumba. M'kaundula ndili nawo 22. Pamabenchi lero 9. Mutu ukuwawa.

Lachitatu, 5 Juni

Ndadinda zala za osabwera m'kaundula, monga mwa masiku onse. Chala changa chachikulu ndi a mlonda, chamkombaphala ndi atelala, kakang'ono ndi mayi wa sopo. Dzanja lamanzere ndi amene anasamuka. Atatu otsalawo ndimabwereza, kungopendeketsa chala pang'ono. Mphunzitsi wakhama ine, ophunzira ndimayenda nawo m'manja. Mkazi wanga waona inki pakolala: "Kodi kumeneko mumaphunzitsa kapena mumapenta?"

Lachisanu, 7 Juni

Mayi Mafunso (dzinali ndinawapatsa ndine, salola kanthu kawadutse) awerenga tsamba lonse osapunthwa. Anayamba mu Januwale limodzi ndi amuna awo, a mlonda aja, pensulo akuigwira ngati mpeni. A mlonda tinawaika m'manda mu Malichi. Mayiwa anabwerera patatha sabata zitatu, pa benchi yomweyo, mbali inayo yopanda munthu. Dzina la a mlonda sindinafufute. Ndinkangoti mawa.

Lero ndanyada ngati ndinawabala ndine. Woyendera ndidzamuonetsa amenewa.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndasesa, ndapukuta bolodi. Alamu anga ndi anansi awiri avomera kudzakhala kumbuyo. Alamu ndawachenjeza asamayankhe msanga, iwo anafika ku sekondale. Osowawo ndidzati ali kumaliro.

Lachinayi, 13 Juni

Woyendera sanafune buku lomwe tinakonzekera. Watola kaundula patebulo, wapatsa Mayi Mafunso. "Tatiwerengereni maina, amayi."

Awerenga bwino. Pa dzina la amuna awo anaima. Chala chawo chinayenda pamzerewo: Epulo, Meyi, Juni. Zidindo zokhazokha, osaphonya tsiku.

"Lavuta dzinalo?" anatero woyendera.

"Ayi bwana, limeneli ndikulidziwa." Anapitiriza mpaka kumapeto.

Woyendera walemba kuti kalasi ikuyenda bwino. Wandigwira chanza, dzanja lodindira lomwelo.

Onse atatuluka, mayiwo anaima pakhomo. Osakweza mawu. "Aphunzitsi, poti bambo akunyumba amabwera kuno tsiku lililonse, muwauze adzadutseko ndi kwathu."

Manyazi ngati amenewa sindinawamvepo chibadwire.

Lachisanu, 14 Juni

Ntchito yapulumuka. Benchi ija lero yopanda munthu mbali zonse ziwiri. Opezeka 8.

Inki ili apa, yotsegula. Koma Mayi Mafunso amalemba okha dzina lawo, ndinawaphunzitsa ndine. Palibe chala changa chomwe chingawalowere m'malo.

Ndalemba 8. Pa dzina la a mlonda ndadutsitsa mzere. Pepala lopita ku ofesi lili patsogolo panga, ola lathunthu tsopano. Mawu olembedwa ndi amodzi okha: Bwana,